Mpweya wa Basela

Ine nkhani za mizimu sindizikonda, ndipo nthawi yozikamba ndilibe. Ndimagulitsa anyezi ndi tomato mumsika, sukulu sindinapite nayo patali, ndipo chimene sindinachione ndi maso anga sindichinena. Izi ndikulembazi ndinaziona. Tinalipo atatu: ine, mwana wanga wachisamba, ndi bambo wina wokonza makina kuntchito kwake, amene onse amangowatchula kuti a Waya. Onsewa ali moyo, kawafunseni. Sunalinso usiku ayi. Linali Loweruka, cha m'ma 2 koloko masana, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Mwana wangayu ndi wamkazi, amagwira ntchito mu labu ya payunivesite kwinaku akuphunzira udokotala. Osati wobaya anthu jakisoni, koma wa makoswe. Tsiku lina nditamupanikiza kuti zaka zonsezi ukutani kumeneko, anandifotokozera. Akuti amadula ubongo wa khoswe tizidutswa topyapyala ngati khungu la anyezi, n'kuika kamodzi m'kambale ka madzi pansi pa maikulosikopu. M'kachidutswamo muli maselo, tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. Ndiye amatenga singano ya galasi yamphako, nsonga yake yoonda kuposa tsitsi, n'kuitsitsa pang'onopang'ono mpaka ikhudze selo limodzi. Ikakhudza umayamwa mpweya pang'ono kuti selolo limate kunsonga. Likamata umakokanso kamodzi mwachangu, ngati ukupsompsona khanda patsaya, kuti kakhungu kake kabooke. Pamenepo kompyuta imayamba kumva timagetsi ta m'selomo.

"Umayamwa ndi chiyani?" ndinamufunsa.

"Ndi pakamwa, amayi. Pali chubu."

Ndinaseka mpaka misozi. Mabuku onse aja kuti ukayamwe khoswe!

Amene anamuphunzitsa kuyamwako anali mayi wina wachikulire, anzake anam'patsa dzina loti Anachubu. Anakhala pa ntchitoyo zaka 26, chubu chili pakamwa, switi ya chifuwa ili kutsaya. Akuti selo limene lakana ena onse, iwo akangoliyamwa katatu linkagonja. Kenako kunabwera makina atsopano okhala ndi swichi ya mbali ziwiri. Mbali ina amati manyuwo, kutanthauza kuti zonse ukuchita wekha ndi manja ndi pakamwa. Mbali ina amati otomatiki, makina amatsitsa okha singano, pampu n'kuyamwa yokha. Koma pampu sibadwa ikudziwa kuyamwa. Ndiye a Pulofesa, bwana wa labuyo, anamangirira kachoyezera pa chubu cha Anachubu miyezi itatu, kompyuta ikulemba kakokedwe kawo konse. Pampu itaphunzira, analamula kuti chubu chichotsedwe, akuti zapakamwa n'zachikale, aliyense azigwiritsa otomatiki. Anachubu anawatumiza kotsuka mabotolo. Sanadandaule kwa munthu. Chaka chisanathe anamwalira ndi chifuwa.

Nthawi imene ndikunenayi mwana wanga anali atatsala ndi maselo makumi awiri kuti kafukufuku wake akwane, ndipo tsiku lotsekera linali Lachisanu. Akapanda kukwanitsa, zaka zisanu zonse zapita m'madzi. Koma anayamba kubwera kunyumba milomo ili mbuu, akupuma wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi galu. Kuchipatala anamujambula pachifuwa, akuti mulibe kanthu. Akakhala kunyumba ankapuma bwinobwino. Akapita ku labu, madzulo ake ndi munthu wina. Lachisanu lina anakomoka, a Waya n'kumubweretsa pagalimoto yawo. M'mawa mwake ndinamupeza akuvala nsapato.

"Ukupita kuti, Dokotala wa makoswe?"

"Amayi, atsala masiku asanu ndi limodzi."

"Pepala la udokotalalo akalilandire ndani, mtembo?"

Anangomanga zingwe za nsapato. Ndimamudziwa, mutu wake ndi wanga womwe. Kumuletsa kukanakhala kutaya malovu. Ndinasiyira mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa katundu wanga, ndinanyamula chikwama, n'kumuuza kuti tiye. Mumtima ndinali nditamanga kale: pepala alitenga, ndipo atuluka m'menemo akupuma.

Chipindacho chili pansi, umatsika masitepe. Makatani akuda, nyali imodzi yofiira, kuzizira ngati mufiriji. Pakati pali tebulo lachitsulo limene akuti limayandama pa mpweya kuti lisagwedezeke, ndipo ukalitsamira limalira kuti fyuu. Pamwamba pake pali khola la waya ngati la nkhuku, maikulosikopu ili m'katimo. Pambali botolo la madzi likuwira popanda moto, thovu likungoti bwububu. Kasipika kakang'ono kamalira ti, ti, ti osaleka. Mwana wanga anandiuza kuti selo likamata bwino, kulirako kumakwera n'kukhala kamodzi kotalika.

A Waya tinawapeza atakhala pafupi ndi chitseko, kutali ndi tebulo.

"Mwabwera bwino, mama," anatero motsitsa mawu. "Mwina inu mumuuze mwanayu asiye."

"Inu ndinu wokonza. Chavuta n'chiyani?"

"Pampu ikutsokomola."

"Ithireni mafuta."

"Ayi, mama. Ikayamwa katatu, imaima, kenako imatsokomola. Ngati iwo aja. Ndinati mwina chifuwacho chinalowa m'kompyuta nthawi imene tinkawayeza. Ndinafufuta zonse, kuika zatsopano za kufakitale. Kawiri. Chifuwa chikubwererabe."

"Ndiye izuleni."

Analoza pansi pa tebulo. Ndinawerama. Chingwe cha pampu chinali chitagona pasimenti, pulagi yake ili payokha, mano m'mwamba.

"Ndinaizula Lachitatu," anatero. "Ikuyamwabe."

Ndinauza mwana wanga kuti achite monga amachitira masiku onse, ndione ndekha. Anakhala pa kampando kozungulira kutsogolo kwa khola. Anaika kachidutswa ka ubongo, anamanga singano yatsopano, swichi n'kuikankhira ku otomatiki. Pa sikirini ndinaona ngati mitambo yotuwa, ndi kamthunzi kosongoka kakutsika kokha. Kanatsika. Kanaima. Kanasuntha pang'ono, n'kukhudza kanthu kobulungira.

Pamenepo ndinamva fungo. Switi ya chifuwa, ija yonunkhira bulugamu. Palibe amene ankatafuna kanthu.

Thovu la m'botolo linaleka.

Mwana wanga anatsegula pakamwa. Sanafune, ndinaona m'maso mwake. Chifuwa chake chinalowa mkati. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Mpweya unkatuluka, wosabwerera. Ndiye m'khola muja, mmene munalibe munthu, wina anatsokomola. Chifuwa chouma, cha munthu wamkulu.

Kasipika kanakwera. Twiii.

Selo linamata, mwana wanga n'kugwetsa mutu pa tebulo.

Ndinamukoka pakhwapa n'kumukhazika pansi pafupi ndi chitseko. A Waya ankamupepeza ndi buku. Patapita kanthawi mwanayo anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi.

"Limenelo ndi labwino," ananong'ona, akuyang'ana sikirini. "Atsala 19."

Ndinatsala pang'ono kumuwomba mbama. Koma ndinali nditamvetsa. Sizifuna sukulu zimenezi. Wakufa alibe mpweya. Mayiyu, Anachubu, ntchito yake sanaisiye, ndiye amatenga mpweya wa aliyense wokhala pa kampandoko, osapempha. Ine zaka makumi atatu mumsika ndakumana nawo anthu otola katundu osafunsa. Suthawa, ndipo sulira. Umawakhazika pansi mukambirane.

"A Waya, chubu chawo chija munataya?"

Anayang'ana pansi. Kenako anatsegula dirowa yawo ya zida n'kutulutsa kathumba. Munali chubu chachikasu, chotalika ngati mkono, kumapeto kwake kuli zipsera za mano.

"Anandiuza kuti nditaye. Sindinathe."

Ndinachilanda. Ndinauza mwana wanga amange singano ina achoke msanga, ine n'kukhala pa kampando paja.

"Amayi, musatero."

"Khala chete. Akuluakulu akukambirana."

Kampandoko kanali kofunda. Osati kufunda kwa mwana wanga, iye anali atachokapo kalekale m'chipinda chozizira chotero. Ndinakhalapobe. Ndinaika chikwama pamiyendo, chubu m'manja, n'kuyang'ana m'khola.

"Anachubu," ndinatero. "Muli bwanji, amnzanga? Ine ndine mayi wake wa mwana amene munamuphunzitsa uja. Ndabwera tikambirane. Mukavomera chimene ndanena, lizani kanthu kanuko mokweza. Mukakana, mudziwa nokha mochitira."

Ti, ti, ti.

"Mwagwira zaka 26. Zakwana. Siyirani makinawa ntchito, inu mukapume."

Thyoo! Pa sikirini singano inaphwanyika, tizidutswa tikuyandama. A Waya anatchula dzina la Mulungu. Ine sindinadabwe. Poyamba umatchula zotsika dala, kuti umve munthu waima pati.

Mwana wanga anakwawa, anamanga singano ina, n'kubwerera kuchitseko.

"Chabwino," ndinatero. "Nenani zanu."

Tonse atatu tinaiona. Swichi ija inasuntha yokha. Thapu. Ku manyuwo.

"Akufuna zonse pamanja, ngati kale," mwana wanga ananong'ona.

"Pamanja umakwanitsa angati pa tsiku?"

"Tsiku labwino awiri. Loipa, palibe."

Sindinafunike pensulo. Sakanakwana.

"Ayi, Anachubu. Kumeneko ndiye kundibera masana. Mwanayu ali ndi Lachisanu."

Fungo lija linabweranso, pafupi, ngati munthu wandiyandikira kumaso. Ndiye ndinamva chimene mwana wanga ankamva. Ngati wina waponya chingwe kukhosi mpaka pamchombo n'kuyamba kukoka. Pakamwa panatseguka pokha. M'makutu munati zii. Nyali yofiira ija inakhala ziwiri. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo, tebulo n'kulira fyuu.

Anandisiya.

Mantha ndinali nawo, sindinama. Koma mkwiyo unaposa. Ine munthu kundiopseza pakati pa zokambirana, ndiye kuti zifukwa zamuthera. Ndinaimirira.

"Iwe, tenga chikwama chako tizipita. A Waya, thimitsani zonsezi, chipinda mukhome. Pepala lakolo ukalitenga chaka china, kumalo ena."

"Amayi!"

Ndinamutsinzinira diso. Sanandimvetse, anayamba kulira. Zinandithandiza, kulira kwake kunali kwenikweni. Ndinapinda chubu n'kuchiponya m'chikwama, zipi n'kutseka mokweza.

"Ichi ndikamangira matumba a anyezi. Tsalani bwino, Anachubu. Muziyamwa mdima."

Aliyense wogula mumsika amadziwa kanjira aka. Umachoka, koma sufulumira. Ndinaponda phazi limodzi. Lachiwiri. Kasipika kanayamba kuthamanga, ti-ti-ti-ti. Sindinacheuke. Lachitatu. Ndinagwira chitseko. Chinali chozizira ngati ayezi.

Anatsokomola kukhutu kwanga. Pano, kumanzere. Tsitsi la pakhosi linagwedezeka.

Swichi inati thapu. Nditacheuka, inali itaima pakati. Osati uku, osati uku.

"A Waya, swichiyi imaima pakati?"

"Ayi, mama." Mawu awo anali ngati a kamwana. "Ili ndi sipuling'i."

"Lero yaima."

Ndinabwerera pa kampando. Ndinafunsa mwana wanga kuti pa ntchito yonseyi, chimene chimadya nthawi n'chiti. Anapukuta mphuno n'kunena kuti ndi kutsitsa singano, kufunafuna selo, kusuntha pang'onopang'ono mpaka khosi kuuma. Pamenepo makina satopa, ndipo dzanja lawo silinjenjemera. Ndinamufunsa kuti nanga chimene makina amalephera n'chiti. Anati kuyamwa. Pampu simva kuti selo ili lofooka, lija lolimba, imangokoka mofanana, maselo ambiri n'kuphulika. Munthu amamva m'masaya kuti apa ndileke.

"Ndiye simungazigawe? Makina atsitse, akakhudza aime, munthu amalize?"

A Waya anakanda mutu. "Zimatheka. Ndi kungosintha mu kompyuta, kenako kubwezera chubu pamalo pa pampu."

"Nanga munkadikira chiyani?"

"A Pulofesa anati..."

"Ali kuti a Pulofesawo?"

"Ali ku msonkhano, kunja."

"Ndiye lero pulofesa ndine."

Ndinatulutsa chubu n'kuchiika pa tebulo, pamaso pa khola.

"Mverani, Anachubu, ndipo apa ndiye pomaliza, sindiwonjezera. Makina atsitse singano, poti miyendo yake ndi yachinyamata. Ikakhudza selo, aime. Chubu chanu chibwerere pamalo pake. Mwana wanga ayamwe ndi pakamwa pake, ndi mpweya wake, momwe munamuphunzitsira inu. Inu khalani pambali muziona ngati akulakwitsa. Koma mpweya wake musaukhudzenso. Kapena wa mwana wa munthu aliyense wokhala pa mpando uno."

Kasipika kanaleka kulira.

Chete.

Firiji ya pakona inazima yokha. Thovu linali zii. Ndinkamva wotchi ya pamkono pa a Waya.

Ndinadikira. Palibe.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera. Ine chete pa malonda sindimupirira. Wogula akaima pa benchi langa osanena ee kapena ayi, dzanja langa limapita lokha n'kuponya anyezi mmodzi pamwamba, wa basela, kuti zithe. Ndachita zimenezo tsiku lililonse kuyambira ndili mtsikana. Tsiku limenelo m'manja munalibe anyezi. Pakamwa panathamanga pokha.

"Chabwino, wa basela. Mpweya umodzi pa tsiku. Wanga, osati wa mwana."

Twiiiii.

Ndisanatseke n'komwe pakamwa. Munthu akavomera mwachangu chotero, dziwa kuti wakudya. Chete yense uja ankadikira zimenezo. Mayi ameneyu akanakhala mumsika, tonse tikanatseka mabenchi.

Firiji inayambanso kulira. Thovu linabwerera. Fungo la switi linapita pang'onopang'ono, ngati munthu akusuntha kupereka malo.

A Waya anasintha mu kompyuta, anamanga chubu, swichi n'kuibwezera ku otomatiki. Mwana wanga anatsuka kukamwa kwa chubu ndi sipiriti, n'kukhala pa mpando, ine nditaima kumbuyo kwake nditamugwira mapewa. Singano inatsika yokha. Inakhudza. Inaima. Iye anayamwa pang'ono, anadikira, anayamwanso. Kasipika kanakwera. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika m'manja mwanga bwinobwino, ngati a munthu ali mtulo.

Tsiku limenelo anapeza anayi dzuwa lisanalowe. Lachinayi m'mawa anakwanitsa onse. Pepala analitenga, lili pakhoma kwanga kuno, ndipo chiyambire sanabanikenso. A Pulofesa atabwera anakalipa ataona chubu, koma ataona maselo anachisiya pomwepo. Pano labu yonse imagwira motero, makina theka, pakamwa theka, ndipo ndamva kuti amauza alendo kuti nzeruyo ndi yawo. Atenge, ine sindidya nzeru.

Zanga ndi izi. Kuyambira Lolemba lotsatira, tsiku lililonse la ntchito, cha m'ma 2 koloko, mpweya umodzi umandisowa. Ndikhoza kukhala ndikukuwa kuitana ogula, mawu amaduka pakati, pakamwa pali yasa, kenako ndimapitiriza. Anzanga amati ndayamba mphumu. Lamlungu ndi masiku a tchuthi Anachubu sabwera. Mwana wanga akuti pa nthawi yomweyo, tsiku lililonse, pamakhala selo limodzi limene limamata lokha, chubu chili lendee pa msomali, ndipo limenelo ndi limene limakhala labwino kuposa onse. Anandipempha akulira kuti tibwerere tikasinthe. Ndinakana. Ndinanena ndekha, ndipo ine mawu anga sindibweza. Cholakwa changa china n'choti sindinatchule kuti mpaka liti.

Mwezi wathawu, Lachiwiri, ndikuyeza tomato, Anachubu anatenga mpweya umodzi monga mwa masiku onse. Ndisanabwezeretse, anatenganso wachiwiri. Tomato anamwazika pansi. Nditapeza mawu ndinamuimbira foni mwana wanga.

"Iwe, kwachitika chiyani ku labu kwanuko lero?"

"Palibe, amayi. Akukonza denga. Makina onse ali m'mabokosi, ino ndi sabata yachitatu."

"Nanga chubu?"

"Chili m'chikwama mwanga muno."

Ndinadula foni. Masabata atatu onsewo sanadumphe tsiku. Akuyamwa chiyani, ndipo kuti, sindikudziwa, ndipo a Waya nditawafunsa anangopukusa mutu. Koma kubedwa ayi. Ndinaimirira pakati pa msika, anthu akundiyang'ana, n'kunena mokweza.

"Anachubu, tinagwirizana umodzi!"

Mawa lake anatenga umodzi.